Chingwe cha pazenera la a telala

Pazenera la nyumba yoyandikana ndi yanga, kuno ku Area 36, pakulendewera chingwe cha nayiloni. Pochimanga chinali chabuluu, koma dzuwa ndi mvula zachisukulutsa mpaka chatuwa ngati luzi. Alendo akachiona amayesa n'choyanikapo zovala chimene chinaduka. Ife akale a pamzere uno timadziwa kuti pamenepo m'pamene tinkagogoda tikawafuna a telala usiku.

Dzina anali nalo, koma pano aliyense, kuyambira amfumu mpaka kamwana kongoyamba kumene kulankhula, ankangoti a telala. Anasiya kumva ali aang'ono atadwala kwambiri. Makolo awo anawatumiza ku Maryview, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, kumene anaphunzira kulemba ndi kuwerenga milomo ya wolankhula, ndipo chinenero chamanja anachitola kwa ana anzawo akaweruka m'kalasi. Zosoka anakaphunzira ku Magomero, kusukulu ya ntchito zamanja ya MACOHA. Kuno anafika ndi sutikesi imodzi ndi makina a Singer opalasa ndi mapazi, n'kuwakhazika pakhonde. Kulira kwa makinawo ndiko kunkandidzutsa m'mawa kwa zaka zoposa 30. Eniake ankati iwo amakumvera m'mapazi.

Ife tinasamukira kuno mu 1987, ine ndikuphunzitsa kupulaimale, abambo akunyumba akugwira ya ukalaliki kutauni. Lilongwe anali atakhala likulu la dziko kwa zaka 12 zokha, ndipo Area 36 inali mudzi ndithu: nyumba za zidina, malata opsinja ndi miyala, chimanga chikumera pakati pa nyumba ndi nyumba. Pasanathe mwezi, a telala anali atandipatsa kale dzina lamanja. Akafuna kunena za ine ankasasa phewa lawo lamanzere kawiri, chifukwa ndinkabwera kuchokera kusukulu phewa lili mbuu ndi choko. Mayina ndapatsidwa ambiri, la ubatizo, la kuchikwati, la ana asukulu, koma limene ndimalikonda kuposa onse ndi limenelo.

Masiku amenewo uthenga uliwonse unkadzera m'khutu. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Kukakhala maliro kapena msonkhano, mnyamata wa amfumu ankazungulira chakumadzulo akukuwa kuti, "Tamverani, tamverani!" Kutchalitchi kunali belu, kusukulu kunali limu ya galimoto yopachika pamtengo. Wailesi yakanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Napolo atatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 n'kukokolola midzi ku Phalombe, ife tinamva pawailesi, tinagwira pakamwa, tinakambirana pachitsime mpaka nkhani inazizira. A telala anadzadziwa patapita sabata, atawerenga panyuzi imene wogulitsa anawakulungiramo usipa. Anabwera nayo kwa ine itanyowa mafuta, akuloza chithunzi, nkhope ikufunsa kuti kodi zimenezi zachitika liti. Ndinawalembera pakope zonse zimene ndinamva, koma sizinandifike m'mutu kuti tsiku lina nkhani yotere idzakhala ya pakhomo pathu.

Inadzakhaladi. Usiku wina wa mu Febuluwale, m'zaka zomwezo za m'ma 1990, mvula inagwa yochita kukhuthula. Ngalande ya kumtunda inatsekeka ndi zinyalala, madzi n'kupatukira pakati pa nyumba zathu. Tinatuluka tonse mumdima wandiweyani tikukuwa, "Madzi! Madzi! Tulukani!" ndipo tinakaunjikana pakhonde la golosale ya kumtunda. Podutsa, abambo akunyumba anagogoda pachitseko cha a telala kawiri katatu, kuli zii, n'kunena kuti basi atuluka kale. Ine ndinavomera. Akazi awo, amenenso ndi osamva, anali kumudzi kokachira mwana woyamba.

Kutacha tinawapeza ataima m'madzi ofika m'mawondo, atasenza mutu wa makina, mayunifolomu a ana a eni akuyandama m'nyumba. Chimene chinawadzutsa ndi kuzizira kwa madzi atafika pamsana. Khoma la kuseri linali litang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo likanapendekera mkati bwenzi tikukamba zina. Sanakalipe. Anatsitsa makinawo, anapukuta manja, natenga kope limene tinkalemberana, n'kulemba kuti: "Munandiitana ndi chiyani?" Ndinalemba kuti tinakuwa, tinagogodanso. Anawerenga, anandiyang'ana, kenako anagwira khutu lawo. Tsiku limenelo nsima sinatsike. Ndinali nditakhala nawo moyandikana zaka zonsezo, ndikudziwa bwino lomwe kuti samva, koma ngozi itafika ndinawachenjeza monga ndikanadzichenjezera ndekha, ndipo ndinapita kokabisala mtima uli m'malo.

Chingwe chija anachiganiza ndi eniake. Anaboola kabowo pafelemu ya zenera, nachidutsitsa pa msomali wopinda wa paphaso, ndipo kumapeto kwake anasokererako kathumba ka mchenga kolendewera pamwamba pa bedi. Ukakoka panja n'kusiya, kathumbako kankawagwera pamiyendo. Kukoka kamodzi kunali kunena kuti pali mlendo kapena uthenga. Kukoka katatu kunali kunena kuti tulukani, kuli ngozi. Iwo akadzuka ankawalitsa tochi kawiri pazenera, ndipo lamulo lawo linali lakuti wokokayo asachoke asanaone kuwalako. Pamfundo imeneyi sankanyengerera munthu. Ankati kukoka chingwe n'kuthawa sikusiyana ndi kukuwa kuja.

Sanalekere pa iwo okha. Loweruka lina anatiitana tonse a pamzere pansi pa mtengo wa mango, ine n'kukhala wowawerengera zimene ankalemba. Anafunsa kuti, madzi akadzabweranso, ndani winanso amene adzatsale? Tinayamba kutchulana. Panali agogo a kuseri, amene ng'ala inawaphimba maso onse awiri. Panali achimwene osoka nsapato, amene poliyo anawapuwalitsa miyendo ali mwana, ndipo ankayenda pa chikuku chopalasa ndi manja. Panali mtsikana wa khunyu amene amayi ake ankagwira ntchito usiku, komanso kamnyamata kena kamene kakamva phokoso lalikulu kankalowa kunsi kwa bedi osafuna kutuluka. Nyumba zake sizinkakwana 20, koma tinadabwa kuti anthu ake analipo chonchi. Tinagula kope la masamba 40, ana n'kulitcha kope la mvula, ndipo m'menemo tinalemba kuti uje adzadzutsa uje, uje akadzachokapo adzalowa m'malo ndi uje.

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa tsikulo ndi mmene eniake anatiwongolera. Anyamata atanena monyadira kuti achimwene osoka nsapato adzangowanyamula, iwo anakweza dzanja. "Musadzandinyamule ngati thumba la chimanga, ana inu. Mudzayambe mwandifunsa pogwira. Ndipo chikuku changa musadzachisiye, chifukwa kumtundako mukakandikhazika pansi popanda icho, ndiye kuti mwandisiyabe m'madzi." Agogo a kuseri nawo anati, "Ine musadzandikoke dzanja. Mudzandipatse chigongono, ndidzagwira ndekha. Ndipo mudzanene kuti ndinu yani, osangoti tiyeni tiyeni. Mumdima wangawu, amene sananene dzina ndi wakuba." Tinaseka, koma tinalemba zonse. Amayi a mtsikana uja anationetsa pamene ankasunga mankhwala ake, m'kabotolo kokulunga m'pepala la pulasitiki pamwamba pa kabati, kuti wothawa naye asadzaiwale.

A telala anaphunzitsa ana a pamzere zizindikiro zochepa: madzi, moto, thawa, ndadwala, bwera kuno. Zina zinali za chinenero chawo chenicheni, zina tinangopangana pano. Ana anazigwira msanga kuposa ife, moti ankazigwiritsa ntchito ponenana m'kalasi mwanga, akuyesa kuti sindikuona. Chaka chilichonse mu Okutobala, kukatentha mitambo n'kuyamba kusonkhana, a telala ankatseka makina tsiku limodzi, n'kutenga fosholo. Aliyense ankadziwa kuti lafika tsiku lokumba ngalande, kuyesa matochi ndi kuwerenganso kope. Ena ankang'ung'udza kuti mvula ili kutali. Iwo ankangoloza khoma lawo la kuseri, pamene chipsera cha mng'alu uja chinkaonekerabe.

Zaka zambiri zinapita chingwe chikukokedwa kamodzikamodzi, cha alendo ndi cha maliro. Kenaka mzinda unakula, anthu anamanga mpaka m'madambo, mitengo ya m'mbali mwa mitsinje inatha, mchenga unakumbidwa, ndipo madzi anayamba kusowa kolowera. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire, asilikali n'kumapulumutsa anthu pa helikoputa. Mu Disembala chaka chomwecho madzi anatenga miyoyo cha ku Kaliyeka ndi madera oyandikira. Mu Januwale 2019 inali nthawi ya Biwi, Kawale, Mchesi, Chipasula, Area 22 ndi ife a Area 36.

Usiku wina m'masiku amenewo, woyamba kudziwa anali agogo a kuseri. Ife openya tinali m'tulo, magetsi atazima, mvula ikuwomba malata. Iwo anali maso, akumvetsera kamtsinje ka kumunsi. Anadzandiuza pambuyo pake kuti madzi wamba amalira mopepuka, koma akayamba kugubuduza miyala ndi zitsa amalira kuchokera pansi, ngati lole yodzaza ikukwera chitunda. Anadzutsa mdzukulu wawo kuti akamenye limu imene tinapachika pamtengo wa mango. Ine nditamva ndinathamangira pazenera ndi chitenje chokha, n'kukoka katatu. Ndinaima pamvulapo mtima ukugunda, ndikuwerenga. Tochi inawala kawiri.

Atatuluka, a telala ndiwo anatitsogolera. Mumkokomo wa mvula yotere palibe amene ankamva mnzake, ngakhale atakuwa chotani. Tonse tinasanduka osamva usiku umenewo, ndipo amene ankadziwa kulankhula popanda mawu anali iwo ndi ana aja. Ankawalitsa tochi pachifuwa pawo kuti manja aoneke: inu uko, inu tengani agogo, chikuku chidzere kumtunda. Pounika makoma anaona kuti la nyumba ya mayi wina wa ana atatu layamba kufufuma m'munsi, ndipo anawatulutsa. Linagwa kusanache. Pakhonde la golosale ndinatsegula kope la mvula ndi manja onjenjemera n'kuitana mayina, iwo akuunika nkhope imodziimodzi. Panalibe wosowa. Katundu anaonongeka, ufa unanyowa, nkhuku zinapita, koma m'mawa mwake agogo ndi a telala anakhala pa benchi imodzi akumwa tiyi, wina sakuona mnzake, wina sakumva mnzake, atagwirana dzanja.

Mliri wa Covid-19 unabweretsa vuto la mtundu wina. Odwala oyamba m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020, ndipo anali a mu Lilongwe momwemuno. Posakhalitsa aliyense anatseka pakamwa ndi masiki. Kwa a telala, amene moyo wawo wonse ankadalira milomo ya anthu pamsika, m'minibasi ndi kuchipatala, kunali ngati dziko lonse lawatembenukira msana. Pa wailesi yakanema pankakhala womasulira m'chinenero chamanja, ndipo ankamuyamikira kwambiri, kungoti kabokosi kake kankakhala kakang'ono pakona, iwo n'kumachita kusendeza mpando mpaka mphuno pagalasi. Magetsi akazima, uthenga wa tsikulo wapita. Nambala yaulere ya 54747, ya Chipatala cha pa Foni, inathandiza anthu ambiri, ndipo iwo akakhala ndi funso ankalemba, ine n'kuimba, n'kuwalembera yankho. Mamasiki anasoka ambirimbiri a zitenje, koma anga anawasoka mwapadera, ndi kawindo ka pulasitiki yoonekera pakamwa. Kankachita nthunzi ndikalankhula, ndinkapukuta ndi chala, ndipo tinkamvana.

Agogo a kuseri uthenga wakuti tizikhala motalikirana unawadetsa nkhawa. "Nanga ine chigongono ndigwira cha yani, aphunzitsi?" Funso limeneli silinayankhidwe pa chilengezo chilichonse chimene ine ndinamva. Tinapangana tokha kuti owatsogolera akhale mdzukulu mmodzi yemweyo, azisamba m'manja asanawagwire. Agogowo anatisiya chaka chotsatira, ndi ukalamba basi.

Kolera amene anayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anafikanso kuno, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Galimoto ya chimkuzamawu inkadutsa pamsewu ikulengeza, a telala akupalasa makina awo osadziwa kuti yadutsa. Koma kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mtsikana wamng'ono ndithu, amene nditamuuza za banja la a telala sanachite manyazi. Anapempha ndowa ndi botolo la lita imodzi, anakhala pakhonde, n'kuchita chilichonse iwo akuona: kuthira kulorini, kusamba m'manja mpaka m'zikhadabo, kusungunula paketi imodzi ya Thanzi m'botolomo. Kenaka anawapatsa botolo kuti abwereze okha. Atapita, a telala anamupatsa dzina lamanja, chala chikutakasa m'kapu. Sankapereka dzina kwa munthu wamba.

Foni zam'manja zinawatsegulira khomo limene wailesi inawatsekera. Mwana wawo atawagulira foni ya WhatsApp, anayamba kulandira zolosera za nthambi yoona zanyengo, ndipo ankabwera m'mawa kudzandiuza kuti ndisayanike ufa lero. Kwa nthawi yoyamba nkhani inkawafika iwo ine ndisanaimve, ndipo chimwemwe chake chinkaoneka pamayendedwe. Pa foni yomweyo ndi pamene anaonera za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 n'kusiya nyumba zawo. Mnzawo wina wa ku Maryview anawaimbira pavidiyo ali pamsasa wa pasukulu ina kum'mwerako. Anapulumuka, koma ankati pogawa ufa ndi mabulangete ankachita kuitana mayina pakamwa, ndipo lake linadutsa iye ali chiimire pomwepo. A telala anakhala nthawi yaitali osakhudza makina. Kenaka analemba pakope: "Angati anali m'tulo ngati ine?"

Ndimaganizabe za funso limenelo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 1.5 miliyoni ali ndi ulumali wa mtundu wina, kutanthauza munthu mmodzi mwa 10 alionse. Si kagulu kapadera kokakumbukira pomaliza. Pamzere uliwonse wa nyumba ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mgona alipo. Ngakhale ku Japan, dziko la zipangizo zonse, pa chivomezi ndi mafunde aakulu a mu Malichi 2011 anapeza kuti anthu aulumali anafa mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anthu ena onse. Dziko lathu linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene ndime yake ya 11 imakamba za chitetezo chawo pa nthawi ya ngozi. Mu 2023 aphungu anakhazikitsa lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lija la 1991 limene linabwera pambuyo pa Phalombe, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, MACOHA n'kusanduka MACODA. Mabungwe a eniake, FEDOMA, MANAD ya osamva ndi Malawi Union of the Blind ya osaona, akhala akulankhula za zimenezi kwa zaka zambiri. Ine ndimakondwera nazo zonsezi. Chimene ndikanakonda kuona ndisanatsikire kuli chete n'chakuti m'makomiti a ngozi a m'madera mwathu mukhale anthu ngati a telala ndi agogo aja, atagwira cholembera, chifukwa zonse zimene zinatipulumutsa pamzere uno zinachokera kwa iwo. Ife akumva ndi openya tikanapangana tokha, tikanangogula wezulo wina wamkulu.

A telala anamwalira m'nyengo yozizira ya 2024, atadwala masabata ochepa. Uthenga wa maliro unayenda pawiri: mnyamata wa amfumu anakuwa monga mwa kale, ndipo mwana wawo anajambula vidiyo ya manja n'kuitumiza pafoni. Sindinkadziwa kuti anali ndi anzawo ochuluka chotero. Anabwera kuchokera ku Biwi, ku Area 23, ku Area 25, ena mpaka ku Dedza, ndipo anakhala mbali imodzi ya siwa manja akuyenda usiku wonse, akuseka, akulira, akukumbutsana za ku Nguludi. Pamwambo, womasulira anaima pambali pa abusa, pamalo ooneka bwino, osati pakona. Ana aja amene anaphunzira zizindikiro pansi pa mango, tsopano abambo ndi amayi a ana awo, ndiwo ananyamula bokosi.

Amayi a kwa telala akadali m'nyumba momwemo, ndi makina aja, amene tsopano amasokera okha. Mu Okutobala wapitayu ndinatuma mdzukulu wanga kumsika kukagula nayiloni watsopano, poona kuti chingwe chakale chafumbwa. Titapita nacho, anakana kuti tichotse chakalecho. Anasasa phewa kawiri, n'kundionetsa ndi zala ziwiri zogundana kuti tizimange pamodzi. Tinatero. Chakumadzulo kutada, ndinamutenga mdzukuluyo kupita naye pazenera, n'kumugwiritsa zingwe zonse ziwiri. Anakoka katatu, n'kufuna kuthamangira kunyumba. Ndinamugwira paphewa kuti adikire. Tinaima pamenepo mpaka tochi inawala kawiri.